Nzeru za Nyanja Zikambidwe Pagombe

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Salima kupita ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, amafika pa malo amene anthu ophunzira kwambiri akhala akufikapo kwa zaka zambiri. Ena amadza ndi zikwama za mapepala kudzachita misonkhano m'mahotela a m'mphepete mwa nyanja. Ena amadza ndi zipangizo zoyezera madzi ndi mabotolo osungiramo nsomba, nakhala miyezi kapena zaka pa malo ofufuzira za nsomba amene ali pomwepo. Onsewa akatsiriza ntchito yawo amakwera galimoto nabwerera ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku maiko akutali. Mnyamata amene adalemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha, amene tsopano akukoka khoka kapena kuyanika usipa pa thandala kuseri kwa mpanda wa hotela, amangoona galimotozo zikudutsa. Zimene zakambidwa m'katimo ndi za nyanja imene iye amadyeramo, koma khutu lake silizimva.

Pali mwambo wina wa anthu ophunzira umene ukadachepetsa mpata umenewu, ndiwo mwambo wa phunziro lapoyera. Phunziro lotere limachitika pamene munthu amene wathera zaka zake akufufuza chinthu china, kaya ndi mbiri ya mtundu, kaya chilankhulo, kaya nyenyezi kapena nsomba, aimirira pamaso pa anthu wamba nawafotokozera zimene wapeza, m'mawu oti aliyense atolepo kanthu. Khomo limakhala lotsegula. Pakhomopo safunsa setifiketi, pamapeto salembetsa mayeso, ndipo wokambayo akatsiriza amayembekeza mafunso, ngakhale mafunso omutsutsa. Phunziroli limasiyana ndi msonkhano wa ndale, pakuti wokambayo safuna voti ya munthu. Limasiyananso ndi ulangizi wa masiku onse. Mlangizi amauza msodzi kuti asaponye khoka mwezi wakutiwakuti. Wokamba phunziro lapoyera amasonyeza msodziyo chifukwa chake, ndi njira imene anthu adadziwira zimenezo, kufikira msodziyo atha kudziweruzira yekha ngati lamulolo lili ndi mutu kapena ayi.

Amene adasiya sukulu panjira, kapena adamaliza koma osapeza malo ku koleji, ayenera kumva mbiri ya Michael Faraday wa ku England. Iyeyu adali mwana wa mmisiri wosula zitsulo, ndipo sukulu adangoilawa. Ali ndi zaka 14 adalowa ntchito yophunzira kusoka ndi kumata mabuku mu mzinda wa London, namawerenga mabuku amene anthu ankabweretsa kuti awakonzere zikuto. M'chaka cha 1812 munthu wina wogula pa sitoloyo adampatsa matikiti okamvera maphunziro anayi a Humphry Davy, katswiri wa sayansi, ku nyumba yotchedwa Royal Institution. Mnyamatayo adakhala pakati pa omvera nalemba zonse zimene adamva. Atafika kwawo adazilembanso mwaukhondo, nazisoka kukhala buku, nalitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha ntchito. Chaka chotsatira adalembedwa kukhala womthandizira, wotsuka mabotolo ndi kukonza zipangizo. Ndi Faraday yemweyu amene m'chaka cha 1831 adatulukira kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, mu wayamo mumabadwa magetsi. Makina a ku Nkula ndi ku Tedzani pa mtsinje wa Shire amatsata nzeru imeneyo kufikira lero.

Atatchuka sadaiwale khomo limene adalowera. Kuyambira 1825 nyumba ija idayamba kuchititsa maphunziro a achinyamata pa nyengo ya Khirisimasi, amene akuchitikabe mpaka pano, ndipo Faraday adawakamba kambirimbiri. Otchuka koposa ndi amene adayambira pa kandulo. Adaiyatsa patebulo nafunsa chimene chikupsa, kumene utsi ukupita, ndi chifukwa chake lawi limaloza kumwamba. Ndipo kuchokera pa kandulo imodziyo adafotokoza za mpweya, za madzi, ndi za kupuma kwa munthu. M'chaka cha 1868 Thomas Huxley adachita chimodzimodzi ndi chidutswa cha choko pamaso pa anthu ogwira ntchito zamanja mu mzinda wa Norwich, nawasonyeza kuti mwala woyera umene uli pansi pa mzinda wawo udapangika ndi zigoba za tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, ndiye kuti pamene adakhalapo padali pansi pa nyanja kalekale. Awiriwa adayambira pa chinthu chimene omvera awo adachigwirapo ndi manja. Wailesi itafala, mwambowu udalowanso m'menemo. BBC idayamba maphunziro a Reith m'chaka cha 1948, ndipo amene adawakamba mu 1979 adali Ali Mazrui wa ku Mombasa, amene adasanthula za umoyo wa Africa m'zigawo zisanu ndi chimodzi.

Kuno ku Malawi mwambowu udafika kale, ngakhale udafika ndi malire ake. M'chaka cha 1946 kudakhazikitsidwa bungwe la Nyasaland Society, limene lero likutchedwa Society of Malawi, lofuna kulimbikitsa chidwi pa mbiri, sayansi ndi zolembalemba. Lidayamba kusindikiza magazini yake mu 1948, ndipo mabuku ndi zithunzi zake zakale zimasungidwa ku Mandala House mu mzinda wa Blantyre. Pa misonkhano yake pakhala pakukambidwa nkhani zakuya za mapiri, mbalame, mafumu ndi nkhondo zakale; koma pa chiyambi omvera ambiri adali Azungu a m'boma, a m'minda ndi a mishoni, ndipo chilankhulo chidali Chingerezi. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973, kudapezeka bwalo lina kumene Amalawi eni ake adayamba kukamba za dziko lawo.

Maphunziro apoyera amene akuluakulu ambiri amawakumbukira ndi amene Dr H. Kamuzu Banda adakamba ku Chancellor College chapakati pa zaka za m'ma 1970, onena za Chichewa ndi mbiri yake. Nthawi imeneyo Chichewa chidali chitalandira ulemu wokhala chilankhulo cha dziko mu 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board lidali litayamba ntchito mu 1972. Dr Banda sadali mlendo pa nkhaniyi, pakuti ali wophunzira ku Chicago adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Chichewa limene lidatuluka mu 1937. N'chinthu chosaiwalika kuti mtsogoleri wa dziko adaona chilankhulo cha anthu wamba kukhala choyenera kuchikambira pa yunivesite. Komatu m'maphunziro amenewo mudasowa mchere wake, ndiwo mtsutso. Wokambayo adali mwini mphamvu zonse, ndipo chimene iye adati ndicho Chichewa chenicheni chidasanduka lamulo la m'sukulu ndi la pa wailesi. Ndani akadatukula dzanja nanena kuti kwawo ku Mulanje kapena ku Nkhotakota liwulo salitchula motero?

Mantha otero adali ndi chifukwa chake. Jack Mapanje, mlakatuli ndi katswiri wa zilankhulo pa koleji yomweyo, adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ngakhale ndale za zipani zambiri zitabwera, mu Febuluwale 2011 mphunzitsi wa za ndale Blessings Chinsinga adaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, ndipo aphunzitsi anzake adanyanyala ntchito miyezi yambiri pofuna ufulu wophunzitsa mosaopa. Masiku ano pakamwa padamasukirako, mayunivesite adachuluka, ndipo maphunziro apoyera amalengezedwa kawirikawiri. Chimene sichidasinthe kwenikweni ndi malo ndi chilankhulo. Ambiri amachitikira m'mizinda ikuluikulu, ndipo amakambidwa m'Chingerezi cha m'mabuku, kwa anthu amene adamva kale theka la nkhaniyo.

Tsono nkhani ibwerere ku gombe la Salima, kumene mpata wa pakati pa ofufuza ndi eni nyanja umaoneka ndi maso. Nyanja ya Malawi yafufuzidwa kwa nthawi yaitali. M'chaka cha 1939 anthu atatu, Kate Ricardo Bertram, John Borley ndi Ethelwynn Trewavas, adaiyendera poona za nsomba ndi usodzi, ndipo lipoti lawo lidatuluka mu 1942. Mu 1945 kudafika Rosemary Lowe, mayi wachitsikana, amene adatha zaka ziwiri akuyeza chambo kumwera kwa nyanja. M'zaka za m'ma 1950 ena adamanga msasa ku Nkhata Bay, pakati pawo Geoffrey Fryer ndi T. D. Iles. Ndipo m'zaka za m'ma 1990 likulu la kafukufuku wamkulu lidali pa Senga Bay penipeni: poyamba ntchito yoyeza nsomba za pakati pa nyanja, imene idali ndi sitima yakeyake yotchedwa Usipa, pambuyo pake ntchito ya maiko a SADC yofufuza mitundu ya zamoyo ndi mkhalidwe wa madzi. Zimene adapeza zidadzaza mabuku, ndipo mabukuwo ali m'Chingerezi, ambiri a iwo m'nyumba za mabuku zakutali.

Sikuti anthu a m'mphepete mwa nyanja sadauzidwe kanthu konse ayi. Alangizi a za nsomba amayendera madoko, makomiti a m'madoko adayambika ku Malombe mu 1993 nafalikira ku nyanja yaikulu, ndipo wailesi yakhala ikuulutsa malangizo kwa asodzi. Koma zambiri mwa izi zimafika kwa anthu zitavala malaya a lamulo: ukonde wa maso ang'onoang'ono ndi woletsedwa, nyanja yatsekedwa, wogwidwa alandidwa zipangizo. Nzeru imene idabala lamulolo imatsalira m'kabati, ndipo lamulo limene munthu sadalimvetse amalisunga pokhapokha woyang'anira ali pafupi.

Wowerenga aganizire katswiri ataimirira pa mchenga, nyanja ili kumbuyo kwake, nayamba ndi funso loti: n'chifukwa chiyani nsomba zimagwidwa zambiri kumwera kuposa kumpoto, kumene madzi ali akuya koposa? Akadafotokoza kuti nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700. Koma kupitirira mamita 200 kapena 250 kunsi mulibe mpweya umene nsomba zimapuma, kotero kuti madzi ochuluka a pansiwo ndi chipululu. Chonsecho chonde cha nyanja, chochokera ku zamoyo zimene zimafa nizimira, chimasonkhana chapansi. Mwera ukamaomba m'miyezi yozizira umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kumwera, kumene nyanja ili yosaya kwambiri, madzi ozizira a chapansi amakwera ndi chondecho. Pamenepo ndere zosaoneka ndi maso zimaphuka, tizilombo ta m'madzi timadya nderezo, usipa ndi utaka zimadya tizilomboto, ndipo mcheni ndi kampango zimadya nsomba zing'onozing'onozo. Msodzi amene amatemberera mwera chifukwa wamgonetsa pamtunda sabata yathunthu akadamva kuti mphepo yomweyo ndiyo ikumthirira manyowa m'munda mwake.

Katswiri yemweyo akadafunsidwa za chaka cha 2024, pamene nyanja idakwera nilowa m'nyumba, m'mahotela ndi m'minda ya m'mphepete, ndipo anthu ambiri adaloza chala damu la ku Liwonde. Yankho lake lidayenera kukhala lalitali. Madzi ambiri amene nyanjayi imataya amauluka ndi dzuwa ndi mphepo, ndipo a mu Shire ndi gawo lochepa chabe. Ochuluka amene imalandira ndi mvula yogwera pa nyanja pomwe ndi mitsinje ya kumpoto, ina yochokera ku Tanzania monga Ruhuhu. Nyanja yakhala ikukwera ndi kutsika kuyambira kale: pakati pa 1915 ndi 1935 idatsika kufikira Shire adaleka kutuluka, damulo lisadamangidwe n'komwe, pakuti lidamangidwa mu 1965, ndipo mu 1980 idakwera kwambiri nionononga za m'mphepete. Damu lili ndi gawo lake pa nkhaniyi, ndipo oliyendetsa ayenera kufunsidwa mosaopa. Koma munthu wofuna kumanga nyumba pafupi ndi madzi athandizidwa koposa akadziwa pamene madzi adafika mu 1980, kusiyana ndi kungomva mphekesera za pa msika.

Phunziro lopweteka mtima ndi la chambo. Chambo chachimuna chimakumba chisa chozungulira pa mchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola nichiwasunga m'kamwa, mazira mazana owerengeka chabe, kufikira aswa. Ndipo ana aja chimapita nawo ku madzi osaya, kumene kuli bango ndi udzu, kuti akakulire kumeneko. Papita zaka ngati zitatu kuti kasawala akhwime nayambe kuswana. Amene wamva zimenezi safuna womuuza chimene khoka lokokedwa pa mchenga m'nyengo yoswana limachita, kapena chimene neti ya udzudzu yosokeredwa m'thumba la khoka imasesa, kapenanso chimene chimatayika bango akalilima kuti gombe likongole. Mu 2018 bungwe la IUCN, litapenda mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi, lidaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Nkhalamba za pagombe zimakumbukira ntchila, imene kale inkadzaza mabwato, lero n'kusowa ngati mankhwala. Izi zikuchitika m'nyanja imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, imene gawo lake, pamodzi ndi zilumba za Maleri zooneka kuchokera ku Senga Bay, lidakhala malo otetezedwa mu 1980 nililembedwa ndi UNESCO mu 1984.

Si nsomba zokha zimene anthu a Salima ali ndi ngongole yoti auzidwe. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chidagwedeza bomali, nichipha anthu ndi kusiya zikwi zambiri opanda pogona. Ana obadwa pambuyo pake ayenera kumva kuti nyanjayi idadzaza m'chigwa chimene chidang'ambika pamene nthaka ya Africa idayamba kupatukana, kuti kung'ambikako sikudathe, ndi kuti pali kamangidwe ka nyumba kamene kamapirira kugwedezeka. Ndiponso kumwera kwa Salima, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kuli Mankhamba, kumene kudali likulu la mafumu a Kalonga. Yusuf Juwayeyi adakumba pamenepo napeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, umboni wakuti makolo a dera limeneli ankachita malonda ofika kutali zaka mazana angapo zapitazo. Buku lake lidatuluka mu 2020, m'Chingerezi. Samuel Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adalemba Mbiri ya Achewa m'Chichewa m'zaka za m'ma 1940 potsata zimene adamva kwa nkhalamba. Likadakhala tsiku losaiwalika, mwana wa sukulu atamva mawu a nkhalamba aja ndi umboni wa pansi pa nthaka zikuyerekezedwa pamaso pake, pamene zikugwirizana ndi pamene zikusemphana.

Wina angaganize kuti nzeru zonse zidzachokera kwa alendo, ndipo a pagombe ntchito yawo ndi kutchera khutu basi. Chilumba cha Mbenji chikutsutsa ganizo limenelo. Chilumbachi chili m'dera la Mfumu yaikulu Makanjira, kumpoto kwa boma la Salima, ndipo asodzi amakwera mabwato opita kumeneko pa doko la Chikombe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko akhala akutseka usodzi pa chilumbachi m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala kufikira Epulo. M'miyezi imeneyo palibe wololedwa kuwedza m'madzi ozungulira Mbenji. Anthu amabwerera kumtunda kukalima, ndipo nsomba zimaswana mwamtendere. Pa chilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo zipangizo zowononga nsomba zimaletsedwa. Wolakwira amathamangitsidwa. M'zaka za m'ma 2020 ofufuza a ku Mzuzu University ndi a ku University of Strathclyde ya ku Scotland adayerekeza dongosolo limeneli ndi la boma, napeza kuti utaka wa ku Mbenji uli bwino kuposa wa m'madzi oyandikana nawo. Zimene malipoti a zaka makumi ambiri akhala akupempha, mudzi udazichita ndi mphamvu ya mfumu ndi ulemu wa mizimu ya makolo.

Chofunika kuchipenyetsetsa ndi mwambo wotsegulira ndi wotsekera usodziwo. Anthu amasonkhana, mfumu ndi nduna zake amalankhula, malamulo amabwerezedwa pamaso pa onse pamodzi ndi zifukwa zake, ndipo akuluakulu a boma amene abwera amakhala alendo pa bwalo la eni. Limenelo ndi phunziro lapoyera ndithu, ngakhale silidatchedwe dzinalo, ndipo lakhala likuchitika chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 60. Koma nalonso liyenera kulola mafunso. Pa Mbenji akazi saloledwa kufikapo, chonsecho akazi ndiwo ambiri mwa oyanika, owamba ndi ogulitsa nsombazo. Mtsikana wa Fomu 3 atafunsa mwaulemu kuti lamulo limenelo limathandiza bwanji nsomba, ayenera kuyankhidwa monga momwe katswiri wa ku yunivesite ayenera kuyankhira msodzi womufunsa kuti adawerenga bwanji nsomba zimene sadazione.

Chowiringula chimene chimamveka kawirikawiri n'chakuti sayansi siingakambidwe m'Chichewa kapena m'Chiyao, chifukwa mawu ake kulibe. Pa nkhani ya nyanjayi chowiringulacho n'chochititsa manyazi, pakuti sayansi ndiyo idabwereka mawu pagombe. Liwu loti utaka ndi loti mbuna amaligwiritsa ntchito akatswiri ndi oweta nsomba a m'maiko ambiri. Trewavas potchula mtundu wina wa chambo adatenga dzina loti lidole, ndipo Lowe adatchula wina saka, maina a asodzi onsewo. Asodzi ndiwo adayamba kusiyanitsa nsomba zimene maso a mlendo ankaziona ngati imodzi, ndipo ndiwo amadziwa mwera, mpoto ndi vuma, nthawi imene mphepo iliyonse imadza ndi chimene imabweretsa. Kumene liwu likusowadi, wokamba angathe kulongosola chinthucho monga Faraday adachitira ndi kandulo, kapena kubwereka liwu lachilendo nalimasulira kamodzi. Katswiri amene sangathe kufotokozera agogo ake chimene amachita ku ntchito, mwina iye mwini sadachimvetse mokwanira. Ndipo safunsa adadya phula ndi mwambi umene umagwira ophunzira ndi osaphunzira omwe.

Oyenera kuyambitsa ntchitoyi ndi aphunzitsi, pakuti ndiwo ali pakati: adalawa mabuku, ndipo amagula nsomba pa doko lomwelo ndi makolo a ana awo. Sipafunika thumba la ndalama lochokera kunja. Sukulu iliyonse ya sekondale ili ndi chipinda kapena mtengo wa mthunzi, ndipo ofufuza, madokotala, akatswiri a za nyengo ndi a za mbiri amafika okha ku Senga Bay chaka chonse kudzachita misonkhano yawo. Kalata yaulemu yopempha mmodzi wa iwo kuti apatule ola limodzi asadabwerere siingakanidwe nthawi zonse. Mphunzitsi wa Chichewa angakhale womasulira, wa sayansi angakonzeretu ana ndi mafunso, ndipo pambali pa mlendoyo pakhale nkhalamba ya pa doko kapena nduna ya mfumu yoti iyankhepo zimene ikudziwa. Omaliza sukulu amene ali pakhomo aitanidwe ndi maina awo, osati kungowalola kusuzumira pa zenera. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adasiya sukulu chifukwa cha kusowa fizi, napanga makina a magetsi oyendera mphepo potsata zithunzi za m'buku la ku laibulale, ndipo mu 2007 adakaimirira pamaso pa akatswiri ku Arusha. Iye adakumana ndi buku. Mnzake wa ku Lifuwu kapena ku Chipoka mwina adzakumana ndi munthu wolankhula, nalemba zimene wamva m'kope lotsala la Fomu 4.

Okonza asamale za nthawi, chifukwa pagombe sayendera wotchi ya mu ofesi. M'mawa asodzi amakhala akutsitsa nsomba ndipo amayi ali pa mathandala. Lachisanu masana ambiri ali ku mzikiti, Lamulungu ena ali ku tchalitchi, ndipo tsiku la msika palibe angabwere. Miyezi ya Juni ndi Julaye ndi yabwino, pamene mwera umagonetsa mabwato pamtunda masiku ambiri. Yabwino koposa ndi madzulo a masiku amene mwezi uli wathunthu, pakuti usipa amaukopa ndi nyali mu mdima, ndipo mwezi ukawala nyalizo sizigwira ntchito, kotero a kauni amapumula. Pa masiku amenewo anthu angathe kukhala pa mchenga kufikira mafunso atatha, ndi kubwerera kwawo akuona njira.